Zimene anthu a ku Japan amalipirira akalowa m'nyumba ya kanema

Mu Disembala 2022, filimu ya James Cameron yotchedwa Avatar: The Way of Water itangotuluka, inakhala patsogolo pa mafilimu onse pafupifupi m'dziko lililonse limene inaonetsedwa. Ku Japan zinavuta. Sabata yoyamba inakhala pa nambala 3, kumbuyo kwa makatuni awiri a komweko: The First Slam Dunk, nkhani ya anyamata a kusekondale osewera basketball, ndi Suzume ya Makoto Shinkai. Pamapeto pake Avatar yachiwiriyi sinafike n'komwe pa mayeni 5 biliyoni, chonsecho yoyamba ija ya 2009 inapha 15.6 biliyoni m'dziko lomwelo. Anyamata a basketball aja anapitirira 15 biliyoni.

Izi sizinachitike mwangozi, ndipo sizinayambe chaka chimenecho. Mu 2002, pa mayeni 100 alionse amene anthu a ku Japan ankalipira pakhomo la nyumba za kanema, pafupifupi 73 ankapita ku mafilimu akunja. Mu 2006 mafilimu a komweko anaposa akunja koyamba patatha zaka 21, ndipo kuyambira 2008 akhala ali patsogolo chaka ndi chaka. Pofika 2024 zinali zitatembenukiratu: mayeni 75 pa 100 alionse anapita ku mafilimu a ku Japan, ndipo pa mafilimu 10 amene anapha ndalama zambiri panalibe ngakhale imodzi yakunja yosewera anthu enieni.

Ena amafulumira kunena kuti kumeneku n'kukonda dziko lawo basi. Ine sindivomereza. Boma la Japan siliika malire pa chiwerengero cha mafilimu akunja monga limachitira la China. Anthu omwewa ndi amene anapatsa Titanic mayeni oposa 26 biliyoni, ndi amene anasunga Frozen pa nambala 1 kwa masabata 16 otsatizana mu 2014. Kwa zaka zoposa 30, mabanja ankasonkhana pa TV Lamlungu madzulo kuonera filimu yakunja, Nagaharu Yodogawa akuwafotokozera ubwino wake isanayambe komanso itatha. Mtundu umenewu unakula ukukonda mafilimu a ku America ndi mtima wonse. Chimene chinasintha ndi kapangidwe ka mafilimu akuluakulu a ku Hollywood, ndipo nkhani yagona pa funso limodzi la luso: kodi filimu imampatsa nthawi yochuluka bwanji woonera kuti amve chimene chachitika?

Taonani mathero a Demon Slayer: Mugen Train, imene inatuluka mu Okutobala 2020 n'kupha mayeni oposa 40 biliyoni, kuposa Spirited Away imene inakhala pampando kuyambira 2001. Sitima yagubuduzika. Kyojuro Rengoku, katswiri wa lupanga, akulimbana ndi chiwanda chotchedwa Akaza, ndipo chiwandacho chamubowola pamimba ndi mkono. Rengoku akuugwira mkonowo mwamphamvu kuti dzuwa likamatuluka lichitenthe. Akaza akudzidula manja n'kuthawira m'nkhalango. Mdani sanafe. Ngwazi ndiyo ikufa. Wolemba wophunzitsidwa ku Los Angeles akanauzidwa kuti akonze pamenepa, chifukwa kumeneko lamulo ndi lakuti pampondachimera pa nkhani woipa alangidwe anthu akuona.

Haruo Sotozaki, amene anatsogolera filimuyi, sanakonze chilichonse, ndipo chimene anachita pambuyo pake ndicho chinadzaza mipando. Nkhondo itatha, filimu sithamangira kumapeto. Tanjiro, mnyamata wovulala, akuponya lupanga lake m'nkhalangomo n'kumakuwira chiwanda chimene chapita kale, mpaka mawu akumuthera. Rengoku wagwada, magazi akutsika, ndipo akupatsidwa mpata wolankhula mawu onse amene akufuna kusiyira mng'ono wake ndi bambo ake. Akuona mzimu wa mayi ake, akumwetulira, akumwalira. Kenako timaona Tanjiro ndi anzake awiri akulira, ngakhale Inosuke amene amavala chigoba cha nguluwe, misozi ikutulukira m'maso a chigobacho. Kenakonso akhwangwala akuuluka kukauza anzake a Rengoku mmodzimmodzi, ndipo timaona nkhope ya aliyense akulandira uthengawo. Imfa imodzi yapatsidwa mwambo wake wonse. Woonera amatuluka atalira mpaka kukhuta, ndipo ambiri anabwereranso kawiri, katatu, kudzaliranso.

N'zoona kuti mliri wa Covid-19 unathandizapo. Mafilimu a ku America anali ataimitsidwa, moti nyumba zina za kanema ku Tokyo zinkaonetsa Mugen Train maulendo oposa 40 patsiku. Koma kuchuluka kwa maulendo sikukakamiza munthu kubwereranso. Chimamubweza ndi zimene anamva.

Luso lolola nkhani kupuma ndi lakale ku Japan. Yasujiro Ozu ankadula zokambirana za m'banja n'kuonetsa khonde lopanda munthu kapena zovala zoyanika, kuti zimene zanenedwa zikhazikike. Hayao Miyazaki analitengera m'makatuni. Mu Spirited Away, pamene nkhani yafika potentha, Chihiro akukwera sitima yoyenda pamwamba pa madzi, n'kukhala phee pakati pa zithunzithunzi za anthu osalankhula. Palibe chimene chikuchitika kupatula kuti mwana amene poyamba ankanjenjemera ndi mantha tsopano wakhala modekha, manja pamaondo, akuyang'ana kutsogolo. Kukula kwake konse timakuona m'mphindi zimenezo. Anthu amene anazolowera kuonera chonchi akalowa mufilimu imene bomba limaphulika mphindi zisanu zilizonse, ndipo chisoni chikangoyamba wina n'kuponyapo nthabwala, amatuluka atatopa maso koma mtima sunakhudzidwe.

Wina atha kunena kuti Avengers: Endgame nayo ili ndi imfa ndi maliro, ndipo akunena zoona. Koma munthu amalira maliro a amene ankamudziwa. Tony Stark, ngwazi imene imafa mufilimuyo, anthu ankayenera kumudziwa poonera mafilimu oposa 20 a m'mbuyo, ndipo mabuku a Marvel sanalowerere m'nyumba za ku Japan. Conan, mwana wofufuza milandu wa m'makatuni a Detective Conan, wakhala akubwera pa TV kuyambira 1996, ndipo filimu yake imatuluka mu Epulo pafupifupi chaka chilichonse kuyambira 1997, maholide a Golden Week atayandikira. Amene anamuonera ali pasukulu lero amapita ndi ana awo. N'chifukwa chake mu 2019 Endgame, imene inagwedeza dziko lonse, inapeza mayeni pafupifupi 6.1 biliyoni ku Japan, pamene Detective Conan: The Fist of Blue Sapphire inapitirira 9 biliyoni. Ubale woterewu ndi wakalekale: Tora-san, wamalonda woyendayenda wa Yoji Yamada, anabwera m'mafilimu 48 pakati pa 1969 ndi 1995, akumakanidwa chikondi pafupifupi ulendo uliwonse, anthu n'kumapitabe kukamuona.

Umboni umene umandikhutiritsa kwambiri ndi wa mafilimu akunja amene anachita bwino. Titanic ndi maola atatu okonzekera kutsanzikana. Bohemian Rhapsody ya mu 2018 inapitirira mayeni 12 biliyoni, ndipo m'malo moti ndalama zizitsika monga zimakhalira, zinkakwera sabata ndi sabata, anthu akuuzana za munthu wodwala amene akuimba ku Wembley. Top Gun: Maverick inapitirira 13 biliyoni mu 2022, ndipo ngakhale ndege zake n'zochititsa kaso, mtima wa filimuyo uli m'chipinda chimene Tom Cruise akukhala ndi Val Kilmer, munthu amene mawu anamuthera ndi khansa yapakhosi, awiriwo akulankhulana pang'onopang'ono. Ogulitsa mafilimu kumeneko amazidziwa bwino izi. Big Hero 6, imene ku America inalengezedwa ngati nkhani ya gulu la ngwazi, ku Japan inatchedwa Baymax, ndipo zotsatsa zake zinkaonetsa loboti yoyera, yofewa, ikukumbatira mnyamata amene mkulu wake wamwalira. Inapha mayeni oposa 9 biliyoni.

Palinso nkhani ya mawu. M'nthawi ya mafilimu osalankhula, pambali pa chinsalu pankaima munthu wotchedwa benshi, wofotokoza nkhani ndi kulankhula m'malo mwa atengambali onse, ndipo ena mwa iwo, monga Musei Tokugawa, ankakoka anthu kuposa filimu yeniyeniyo. Aliyense amene anakhalapo m'kanyumba ka vidiyo kwathu kuno, akumvera filimu ya ku China kapena ku India yomasuliridwa m'Chichewa, akudziwa mmene mawu a kwanu amaisandutsira nkhani yachilendo kukhala yanu. Mafilimu olankhula atafika, Japan inasankha kulemba mawu pachinsalu, kuyambira ndi Morocco mu 1931. Omasulira ake, monga Natsuko Toda, amatsata lamulo loti pa sekondi imodzi pasapitirire zilembo zinayi za Chijapani, chifukwa diso silingawerenge zoposa apo. Ndiye taganizani filimu imene anthu asanu akuponyerana nthabwala mothamanga, nthabwala zake zokhudza nyimbo ndi mapulogalamu a pa TV a ku America. Theka lake limatayika panjira. Frozen inapulumuka chifukwa Takako Matsu ndi Sayaka Kanda anaiimba m'Chijapani mwaluso loti ana ankaitenga ngati yawo. Ndipo m'makatuni a komweko, olankhulira atengambali ndi akatswiri otchuka paokha, amene anthu amagulira tikiti kuti akamve mmene aliririre.

Sindikufuna kuti zimveke ngati zonse ndi luso loyera. Kumbuyo kuli malonda ochenjera. Mafilimu ambiri akuluakulu a ku Japan amapangidwa ndi komiti ya makampani: wosindikiza mabuku a manga, nyumba ya TV, kampani ya nyimbo, ogulitsa zidole, ndi wogawa mafilimu monga Toho, amenenso ali ndi nyumba zake zoonetsera. Aliyense amalengeza filimuyo pakhomo pake. Pakhomo la kanema woonera amapatsidwa kabuku kapena khadi, ndipo mphatsozo zimasintha pakapita masabata kuti abwerenso. Popeza tikiti ya munthu wamkulu inafika mayeni 2,000 mu 2023, munthu amasankha chimene akuchidziwa kale. Mafilimu akunja nawo nthawi zambiri amafika mochedwa. Oppenheimer, yonena za munthu amene anatsogolera kupanga bomba la atomiki, inadikira miyezi 8, mpaka Malichi 2024, ndipo apo panali chifukwa chomveka m'dziko la Hiroshima ndi Nagasaki, makamaka anthu atakhumudwa ndi zithunzi za pa intaneti zoseweretsa bomba lija pamodzi ndi filimu ya Barbie.

Apa ndi pamene chimwemwe changa chimachepa. Komiti siikonda nkhani yatsopano. Imafuna buku limene lagulidwa kale ndi anthu mamiliyoni. Ojambula achinyamata amene amapanga makatuni amenewa ambiri amalandira ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi mabiliyoni amene ntchito yawo imabweretsa. Hirokazu Kore-eda, amene Shoplifters yake inapata Palme d'Or ku Cannes mu 2018, wakhala akupempha poyera kuti Japan ikhale ndi bungwe longa la ku France, lotenga gawo la ndalama za matikiti n'kuthandizira opanga mafilimu ang'onoang'ono. Ndipo Hollywood ikagwa siigwa yokha. Wachinyamata amene wasiya kuwerenga mawu apachinsalu sapitanso kukaonera filimu ya ku Iran, ya ku Senegal kapena ya ku Poland. Akira Kurosawa anaphunzira zambiri kwa John Ford, ndipo a ku America ndi ku Italy anadzaphunziranso kwa Kurosawa. Kusinthana kumeneko kukatha, luso la ku Japan lomwe lidzasauka.

Komabe chaka cha 2025 chinandilimbitsa mtima. Kokuho, filimu ya Lee Sang-il yochokera m'buku la Shuichi Yoshida, inatuluka mu Juni. Ndi ya maola pafupifupi atatu, ilibe chiwanda, ilibe loboti. Ndi nkhani ya Kikuo, mwana wa mkulu wa zigawenga za yakuza ku Nagasaki, amene bambo ake ataphedwa akuleredwa ndi katswiri wa zisudzo za kabuki ku Osaka, n'kuphunzira kusewera mbali za akazi limodzi ndi mwana weniweni wa m'nyumbamo. Wina ali ndi luso, wina ali ndi magazi a banja, ndipo m'kabuki dzina limayenda ndi magazi. Ryo Yoshizawa ndi Ryusei Yokohama, amene anasewera anyamata awiriwa, anaphunzira kavinidwe ka kabuki kwa nthawi yoposa chaka. Wojambula wake, Sofian El Fani wa ku Tunisia, anabweretsa kamera pamene woonera kabuki sangafike: pakhosi lopakidwa zoyera pamene thukuta likuyenderera, pa zala zikunjenjemera chinsalu chisanatseguke. Magule ake amaonetsedwa motalika, osadulidwadulidwa, ndipo mkangano wa anyamata awiriwa umamvekera m'kavinidweko kuposa m'mawu. Sinayambe pa nambala 1. Inakwera pang'onopang'ono, anthu akuuzana, achinyamata amene sanapondepo m'nyumba ya kabuki akukhala chete maola atatu. Mu Novembala inaposa mayeni 17.35 biliyoni a Bayside Shakedown 2, imene kuyambira 2003 inali patsogolo pa mafilimu onse a ku Japan osewera anthu enieni.

Kokuho nayo inachokera m'buku ndipo inagawidwa ndi Toho, choncho siinathyole dongosolo lija. Koma inaonetsa kuti anthu amenewa sakakamira makatuni kapena nkhope zozolowereka zokha. Pa mlandu uwu ine ndili kumbali ya oonera a ku Japan: filimu ya madola 300 miliyoni imene singapatse munthu mphindi ziwiri zoti alire siyenera mayeni awo 2,000.