Luso la Flora Suya pa Kanema

Amene anazolowera mafilimu a ku Nigeria m'tinyumba ta kanema pa Lizulu kapena pa boma la Ntcheu amamudziwa mkazi wolira mofuula, wodzigwetsa pansi nagubuduzika. Zisudzo zathu zapabwalo nazonso zimafuna mawu okweza kuti wokhala kumbuyo amve. Flora Suya sanatsate njira imeneyi.

Mu 2008, mafilimu a Amalawi akadali ochepa zedi, Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life. M'menemo Suya anatenga mbali ya Sungisa, mtsikana wantchito amene bwana wake anamupatsa pathupi. Mwanayo akuleredwa ndi ena, Sungisa anabwerera kusukulu nakhala loya, kenaka anadzamenyera mwana wake kukhoti. Nkhani yotere ikanamulola kukhetsa misozi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Koma iye anazindikira kuti kamera imayandikira nkhope kuposa woonera aliyense wam'holo. Motero mantha a wantchito timawaona m'maso ozolika ndi m'kuchedwa kuyankha, ndipo atakhala loya, munthu yemweyo amaima chilili ndi kupenya bwana uja osaphethira.

Chilema chilipo, ngakhale si cha iye yekha. Mbali yaikulu ya filimuyi ili m'Chingerezi, ndipo mtsikana wovutika akamadandaula m'chilankhulo chakusukulu, chisoni chake chimafika kwa ife chitazirala.

Mu 2010 Suya anapikisana nawo pa mphotho za Africa Movie Academy Awards, koma sanapambane. Amene anabwera ndi mphotho anali mnzake wam'filimu yomweyo, Tapiwa Gwaza.