Dokotala woseka ali m'madzi

Buku la Adam Kay, This Is Going to Hurt, lomwe linatuluka mu 2017, ambiri amalitchula kuti ndi buku la nthabwala. Inde, likuseketsa zedi, koma amene akaligule pofuna kuseka kokha adzadabwa akafika kumapeto.

Kay anali dokotala m'zipatala za boma ku Britain kuyambira 2004 mpaka 2010, makamaka ku wodi ya amayi oyembekezera. Zomwe tikuwerengazi ndi zimene ankalemba m'kabuku kake akaweruka, nthawi zina atagwira ntchito maola 97 pa sabata imodzi. Tulo palibe, chakudya chodyera chiimire, kunyumba nako chikondi chikuzilala. Munthu wotere akapanda kuseka, angatani?

Ife sitikuona chachilendo apa. Pitani kumanda nthawi ya maliro mukamve adzukulu mmene amacheza uku akukumba, makasu ali m'manja. Wongodutsa angati n'chipongwe, pamene eni akewo akudziwa kuti ntchito ija siigwirika uli duu. Kay akuchita zomwezo ndi magazi, mikodzo ndi zinthu zodabwitsa zomwe ankazitulutsa m'matupi a odwala.

Komatu pali pomwe ndikusiyana naye. Mdzukulu amaseka imfa ndi anzake okumba nawo, saseka namfedwa. Kay nthawi zina nthabwala yake imagwera mayi amene wagona pa bedi, wamantha, amene sangayankhe. Pamene BBC inapanga sewero la pa kanema kuchokera m'bukuli mu 2022, Ben Whishaw akusewera ngati Kay, amayi ena anadandaula za zomwezi, ndipo ine ndili mbali yawo.

Mphamvu ya bukuli ili pomwe nthabwala zikuthera. Mu December 2010 Kay anayang'anira opaleshoni ya mayi yemwe nsengwa inali itatseka njira ya mwana popanda wina kudziwa. Mwanayo anamwalira, mayiyo anataya magazi ochuluka kwambiri. Tsamba limenelo mulibe choseketsa ngakhale chimodzi, ndipo kabuku kaja kakuthera pomwepo. Patapita miyezi yochepa anasiya udokotala.

Bukuli akulitseka ndi kalata yopita kwa nduna ya zaumoyo, wokwiya ndi momwe boma linachitira ndi madokotala achinyamata pa mkangano wa 2015 ndi 2016. Kalatayo ndi yolembedwa bwino, kungoti ikufika wowerenga atamva kale zonse.