Wogulitsa Mkaka wa ku London

Chithunzi chimene Fred Morley anajambula ku London mu Okutobala 1940 chimatigwira mtima. Ndege za Ajeremani zagumula nyumba, ozimitsa moto ali kalikiliki kumbuyo, koma mwamuna wovala jekete loyera akudutsa pamabwinjapo atanyamula mabotolo a mkaka, ngati kwacha bwino.

Tsono munthuyo sanali wogulitsa mkaka ayi. Anali wothandiza wojambulayo, ndipo jeketelo anachita kubwereka. Boma silinkafuna zithunzi zofooketsa anthu, choncho Morley anaika wolimba mtima patsogolo kuti mabwinjawo alowe nawo m'nyuzipepala.

Kodi tinene kuti ndi bodza? Mkaka unkafikadi pamakomo masiku amenewo. Chotidandaulitsa ife ndi nkhope yake yopanda mantha ija, pakuti ogulitsa enieni ankadzuka m'mamawa osadziwa ngati akapeza khomo lili chiimire.