Nkhanga Zinapangana Kusanace: Ma Draw Ofulumila mu Chess ya Akatswili

Kuciyambi kwa July 2022 n'nagula bundle ya tsiku lonse, n'kuchajilatu foni cifukwa malaiti a ku komboni sapangana na munthu. Ku Madrid kunali mpikisano wa Candidates, umene umasankha munthu wokalimbana na ngwazi ya chess ya dziko lonse. Inali raundi ya 12 pa maraundi 14, ndipo Ian Nepomniachtchi, amene anali patsogolo, anali kukumana na Hikaru Nakamura, mmodzi wa amene anali kum'thamangitsa. Tinakhala atatu pa benchi kuseli kwa kantemba, foni titaitsamiza ku botolo. Mnzathu wina anathamangila kukagula vitumbuwa kuti tizidya potamba. Pamene anabwela, anapeza zonse zasila. Ma move 14, kugwilana canza, draw.

Amene amatsatila chess anaizindikila njilayo ikali kuyamba. Ili mu opening yochedwa Berlin. Tuasilikali tocepa tumadyana pakati pa bodi, ndiyeno ma queen awili amayamba kupita na kubwelela pa mabokosi amodzimodzi. Lamulo limakamba kuti kaimidwe kamodzi ka bodi kakaonekela katatu, masewela angathele pamenepo popanda wowina. Palibe catsopano cimene amuna awiliwa anaganiza tsikulo, cifukwa ma move onsewo anaseweledwapo kambili-mbili ndipo ali m'kompyuta iliyonse. Ise tinakhala monga anthu amene alipila pa geti ya Heroes Stadium, matimu alowa m'bwalo, apatsana moni, basi n'kutuluka.

Tisasokoneze zinthu: mdani wathu si draw. Akatswili awili akasewela bwino onse, nthawi zambili amalephelana, ndipo kulephelana kwina kumakoma kupambana kuwina. Citsanzo cabwino ni machi a mu November 2018 ku London, pamene Magnus Carlsen wa ku Norway anali kuteteza ungwazi wake kwa Fabiano Caruana wa ku America. Masewela onse 12 anathela mu draw, cinthu cimene cinali cisanacitikepo pa machi a ungwazi wa dziko lonse. Koma ma draw amenewo sanali a mtundu umodzi. Masewela oyamba anafika ma move 115 ndipo anatenga maola pafupifupi 7. Carlsen anam'panikiza Caruana mpaka kutsala pang'ono kum'gwetsa, Caruana anapulumukila pa kampata kang'ono, ndipo anapitiliza kukokana mpaka pa bodi panalibenso cofinya. Palibe wotamba amene anadandaula.

Manje onani masewela a 12, othela. Carlsen anali na zakuda, kaimidwe kake kanali kabwino kupambana ka mnzake, ndipo nthawi pa wochi anali nayo yambili. Aliyense anali kuyembekezela kuona mmene adzaphwanyila citseko. Pa move ya 31 anapempha draw, Caruana n'kulandila. Ngwazi zakale monga Garry Kasparov na Vladimir Kramnik zinam'dzudzula poyela. Pa pepala la zotulukapo, masewela oyamba na othela ni ofanana: hafu kwa uyu, hafu kwa uyo. Koma oyamba ni nkhani imene wolemba anaifikitsa kumapeto, olo kuti mapeto ake palibe anafa. Othela ni buku limene mwawelenga mpaka pokoma, ndiye mupeza kuti wina anang'amba masamba a kumbuyo.

Ciweluzo cabwino cimamvela mbali zonse, conco timvekonso za osewela. Mu chess kuwina ni poyinti imodzi, draw ni hafu, kuluza ni zilo. Kuluza kumagwetsanso rating, nambala imene imaonetsa mphamvu za wosewela, ndipo rating ndiyo imacititsa kuti munthu aitanidwe ku mipikisano ya ndalama zambili. Masewela amodzi angatenge maola 6 kapena 7, mawa enanso, kwa mawiki awili kapena atatu. Munthu amene ali patsogolo na mapoyinti okwanila amakumbukila mwambi wa makolo wakuti fodya wako ni amene ali pamphuno, wa pacala ni wa mphepo. Ndipo masamu awo anagwila nchito. Nepomniachtchi anawina mpikisano wa ku Madrid kukali raundi imodzi. Carlsen, patapita masiku awili, anam'gonjetsa Caruana 3–0 pa masewela ofulumila odulila mlandu. Apa ndiye pali vuto leni-leni: draw yofulumila si utsilu, ni nzelu. Malamulo a mpikisano ndiwo amaipanga kukhala nzelu.

Nkhaniyi si ya lelo. Mu 1962, pa Candidates ya pa cisumbu ca Curaçao, akatswili atatu a ku Soviet Union, Tigran Petrosian, Paul Keres na Efim Geller, anasewela masewela 12 pakati pawo, ndipo onse anathela mu draw, ambili a iwo afupi-afupi. Atatuwo ndiwo anatenga malo atatu oyamba. Bobby Fischer wa ku America, amene panthawiyo anali na zaka 19, analemba nkhani mu magazini ya Sports Illustrated yowaimba mlandu wakuti anapangana kuti asunge mphamvu zomenyela ena. Bungwe la FIDE, limene limayendetsa chess pa dziko lonse, linasintha kacitidwe: kuyambila mu 1965 a Candidates anayamba kukumana awili-awili, woluza n'kutuluka.

Kucokela nthawi imeneyo okonza mipikisano ayesa mankhwala osiyana-siyana. Mu 2005, mpikisano wa M-Tel Masters ku Sofia, m'dziko la Bulgaria, unaletsa wosewela kupempha draw kwa mnzake; anafunika kupitila kwa arbiter, amene ni lifali wa chess. Lamuloli mpaka lelo limadziwika na dzina la mzindawo. Mipikisano ina imaletsa kugwilizana draw isanakwane move ya 30 kapena ya 40. Koma madzi ukawachinga kuno amapeza podzela kwina. Ukaletsa anthu kukamba mawu akuti draw, adzawakamba na manja. Njila ya Berlin imene tinaona ku Madrid ni yotelo: palibe wopempha, palibe wovomela, ma queen cabe akubweleza ma move, ndipo lamulo silinaphwanyidwe.

Cinyengo ca dongosolo limeneli cinaonekela poyela mu December 2023 ku Samarkand, m'dziko la Uzbekistan, pa mpikisano wa dziko lonse wa blitz, chess ya mphindi zocepa. Daniil Dubov na Nepomniachtchi yemwe uja anakhala pa bodi n'kuyamba kuvinitsa mahosi. Hosi idumpha uku, ya mnzake idumphanso cimodzimodzi, mpaka onse anabwelela ku mzela wa kumbuyo kumene anayambila. Palibe pawn olo imodzi imene inasuntha. Ma move asanapitilile 13 anagwilana canza. Arbiter wamkulu anawapatsa zilo onse awili, ndipo Dubov anatsiliza mpikisanowo ali wacibili, kumbuyo kwa Carlsen na hafu poyinti cabe, hafu yomwe ija imene analandidwa.

Cilangoco cinali coyenela. Koma tifunse moona mtima: kodi kuvina kwa mahosi kusiyana pati na ma move 14 a Berlin? Konse kuwili kulibe nkhondo, ndipo konse kuwili wotamba wabeledwa. Kusiyana n'kwakuti Berlin imavala suti. Imaoneka monga chess, ndiye arbiter amasaina pepala mosavuta. A mahosi analangidwa cifukwa cocita masana zimene anzawo amacita mobisa. Makolo anati nkhanga zinapangana kusanace, poyamikila anthu okonzekela zinthu nthawi ikalipo. Mu chess ya pamwamba nkhanga sizifunika n'komwe kukumana. Zonse zimadziwa kanjila kopita ku hafu poyinti, ndipo imodzi ikayamba kuyendamo, inzake imangotsatila.

Conco ngati kuletsa sikuthandiza, cotsala ni kukweza mtengo wa kuwina. Okonda bola adziwa bwino zimenezi. Kale kuwina kunali mapoyinti awili, draw imodzi, ndipo matimu ambili anali kupita ku bwalo la anzawo kukachinga cabe. England inayamba kupeleka mapoyinti atatu mu 1981, ndipo World Cup inatengela mu 1994. Chess nayo inayesako. Mpikisano wa ku Bilbao mu 2008 unapeleka atatu kwa wowina na imodzi pa draw. Welengani: ma draw awili ni mapoyinti awili, koma kuwina kamodzi na kuluza kamodzi ni atatu. Wolimba mtima ndiye amadya. Norway Chess kuyambila mu 2019 inabweletsa njila ina: masewela akathela mu draw, awiliwo amaseweletsana Armageddon tsiku lomwelo, masewela ofulumila amene wa zoyela amapatsidwa nthawi yoculukilapo, koma akalephela kuwina, wa zakuda ndiye wawina. Otamba amapita kukagona ataona wowina tsiku lililonse. Cofooka cake n'cakuti katswili wa liwilo angafupikitse dala masewela aatali kuti akamalizile nkhani kumene ali na mphamvu. Pa ziwilizi, ine nimasankha ya ku Bilbao, cifukwa imalipila kulimba mtima pa bodi lomwelo, osati pa bodi lina.

Kuti timvetse cimene timataya na draw yofulumila, tione zimene zimacitika munthu akakana kugwilana canza. Mu December 2021 ku Dubai, masewela a nambala 6 pakati pa Carlsen na Nepomniachtchi anaoneka olingana kwa maola ambili. Carlsen anapitiliza kufinya pang'ono-pang'ono, ndipo anawina pa move ya 136, patapita maola pafupifupi 8. Ndiwo masewela aatali kupambana onse m'mbili ya machi a ungwazi wa dziko lonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu December 2024 ku Singapore, masewela othela pakati pa Ding Liren wa ku China na Gukesh Dommaraju wa ku India anafika poti akatswili onse anali kukamba kuti ni draw. Gukesh sanaleke. Pa move ya 55 Ding anaika rook yake pa bokosi lolakwika, ndipo mnyamata wa zaka 18 anakhala ngwazi ya dziko lonse. Nthawi ziwili zimenezi sizikanakhalako cikanakhala kuti wina anatambasula dzanja mwamsanga.

Nkhani ya ku Madrid nayo inatha modabwitsa. Mu raundi yothela Nakamura anafunika draw cabe kwa Ding kuti atenge malo acibili, koma analuza. Pasanapite mwezi, Carlsen analengeza kuti sadzatetezanso ungwazi wake, ndipo malo acibili aja anasanduka tikiti. Ding ndiye anakasewela na Nepomniachtchi ku Astana mu 2023, n'kuvala cisoti. Nanga Nakamura akanasankha opening yankhondo mu raundi ya 12, zikanatha bwanji? Funso limenelo lilibe yankho, cifukwa masewela amene akanaliyankha sanaseweledwe.

Cimene cimanidetsa nkhawa maningi si bundle yanga ya tsiku lija. Ni ana amene amatamba akatswiliwa pa mafoni a akulu awo. N'naonapo pa mpikisano wina wa pa weekend anyamata awili atakhala pa bodi loyamba mu raundi yothela, asuntha tuasilikali tungapo, ayang'anana, n'kusaina. Amenewo niwamvetsa, cifukwa nthawi zina mphoto ija ndiyo ndalama ya basi yobwelela kunyumba. Koma n'naonanso kamtsikana ka pulayimale kali na kaimidwe kowina, n'kupempha draw cifukwa coopa rating ya munthu amene anakhala naye. Anam'phunzitsa ndani kuti hafu ya m'manja iposa kuyesa? Amon Simutowe wa ku Ndola, grandmaster woyamba wa kum'mwela kwa Sahara, anapeza norm yake yothela mwa kuwina mpikisano ku Arnhem, m'dziko la Netherlands, mu 2007. Mpikisano suwinidwa na mahafu okha-okha, maka-maka ngati ndiwe mlendo amene palibe adzakuitananso cifukwa ca dzina.

Tsiku lija kuseli kwa kantemba tinazimitsa foni kuti tisunge bundle, n'kutulutsa bodi lathu limene pawn imodzi ni cotsekela botolo. Tinapangana lamulo limene tikali kulisunga mpaka lelo: pa benchi imeneyi palibe kupempha draw ma queen akali pa bodi. Masewela oyamba n'naluza pambuyo pa ola lathunthu, vitumbuwa vitazizila. Koma n'nadziwa pamene n'nalakwitsa, ndipo mawa lake n'nabwelanso.