Ciliza ca Dziko: Maganizo a Anthu pa Mtengo ndi Maonekedwe a Zifanizo Zikuluzikulu

1. Mau Oyamba

Nthawi zonse boma likavundukula cifanizo cacikulu ca munthu wochuka, pamabuka mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti cadya ndalama zingati, laciwiri ndi lakuti kodi cikufanana ndi mwini wake. Ena mwa ophunzira amawanyoza mafunsowa, amati ndi a anthu osadziwa luso. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mafunso awiriwa ali ndi muzu umodzi, ndipo muzuwo umapezeka m'cinenero cathu ndi m'mwambo wathu wokumbukira akufa. Tiyamba ndi mau amene olankhula Cinyanja amachulira zinthuzi, kenaka tiona zimene zinacitika ku Lusaka, Lilongwe, Blantyre, Harare ndi Dakar, tikuziyeza ndi muyeso wa kwathu ku Madzimoyo, kufupi ndi Chipata.

2. Mau Amene Timagwiritsa Nchito

Cinyanja cilibe liu limodzi lochulira munthu wamkuwa woimikidwa pamphambano. Tili ndi mau angapo, ndipo lililonse limabwera ndi ciweruzo cake.

Liu lakuti cifanizo licokera ku tsinde -fana, limene latipatsanso kufanana, kufanizira ndi cifaniziro. Conco munthu akati "cifanizo ici sicikufanana", sakuonetsa umbuli ayi. Akungonena kuti cinthuco calephera nchito imene dzina lake linalonjeza.

Liu lakuti fano licokera ku tsinde lomwelo, koma linalemera ndi tanthauzo lina pamene omasulira Baibulo analisankha kuti liziimira milungu yosema. M'dera la Madzimoyo, kumene amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikitsa mishoni mu 1903, liuli silimveka bwino m'makutu a akulu a mpingo. Boma likalengeza pa wailesi kuti lamanga fano, ena amayamba kuipidwa asanalione n'komwe.

Ciboliboli ndi cosema camtengo cimene timaciona cikugulitsidwa kwa alendo m'mbali mwa msewu. Kuchula cifanizo ca mtsogoleri kuti ciboliboli ndi kucitsitsa. Cipilala ndi liu lobwereka ku Cingerezi, ndipo limanena za kutalika cabe, osati za nkhope. Palinso mphatikira wa ci- wokuzira zinthu, monga m'mau akuti cimunthu ndi cimwala, amene amanena za ukulu ndi kuipa pamodzi. Olankhula cinenero cathu akafuna kunyoza cifanizo safunika ciganizo conse: cimunthu cija n'cokwanira.

Liu lotsala ndi ciliza, comangidwa pamanda. Ife tikuganiza kuti ili ndilo liu lotsegulira nkhani yonse.

3. Muyeso wa Ciliza

Amene anakulira m'midzi ya kuno akudziwa mmene ciliza cimamangidwira. Banja limakhala pansi pakatha caka kapena zaka cicitikire maliro. Amagwirizana za mmisiri, amawerenga matumba a simenti, aliyense amalonjeza cimene adzapereke, ndipo mau olembedwa pamwala amawerengedwa mokweza kuti onse awamve. Mlembi wa nkhani ino akukumbukira ciliza ca agogo ake m'mudzi wina pafupi ndi Madzimoyo. Abale a kutauni anatumiza mwala wokongola wolembedwa kale, osafunsa a kumudzi. Mlongo wa malemuwo, mai wokalamba wosadziwa kuwerenga, atamva mau a pamwalapo anangoti, "Ana inu, dzina la mfunda mwalisiya kuti? Ameneyu si mlongo wanga." Mwalawo unali wodula, koma unakhala m'khonde miyezi yambiri kufikira dzina lija litaonjezedwa.

Pankhaniyi pali mfundo zitatu. Yoyamba, mtengo wa ciliza umadziwika kwa onse opereka. Yaciwiri, oweruza ngati ciliza cikuimiradi wakufayo ndi amene anamudziwa, osati mmisiri. Yacitatu, ciliza sicivundukulidwa abale asanavomereze. Cifanizo ca boma cimamangidwa ndi ndalama za msonkho, cimanena za munthu amene mtundu wonse umati ndi wake, conco anthu amaciyesa ciliza ca dziko. Akafunsa za mtengo ndi za nkhope akufunsa monga abale amene sanaitanidwe kumsonkhano wa banja.

4. Zifanizo Ziwiri za ku Lusaka

Mu 1960 kutsogolo kwa khoti lalikulu ku Lusaka kunaimikidwa cifanizo camkuwa ca munthu wokwera kavalo, cochedwa Physical Energy, luso la G. F. Watts wa ku Mangalande. Cinali mphatso ya British South Africa Company ndipo cinali kukumbutsa za Cecil Rhodes. Kunena za luso, cifanizoci n'capamwamba, ndipo cina cofanana naco cikali ku London. Koma dziko litalandira ufulu mu 1964 sicinakhalitse. Cinacotsedwa mu 1966 n'kupita ku Rhodesia, ndipo pambuyo pake cinakaikidwa panyumba yosungirako zolemba zakale ku Harare. Kukongola sikunacipulumutse, pakuti cinali ciliza ca munthu wa mtundu wina pamanda a eni.

Mu 1974, pokondwerera zaka 10 za ufulu, cinavundukulidwa Cifanizo ca Ufulu, mwamuna wodula unyolo, pa Independence Avenue. Naco cinapangidwa ndi mzungu wa ku Mangalande, James Butler. Komabe Azambia anacilandira ngati cao. Cifukwa cake n'cakuti kumbuyo kwake kuli nkhani imene anthu amaisimba okha, ya Zanco Mpundu Mutembo wa ku Mbala, amene akuti anadula unyolo pamaso pa asilikali a atsamunda. Kwa zaka zambiri cifanizoci cinasindikizidwa pa ndalama zapepala za Kwacha, kotero kuti ngakhale mlimi wa mtedza wa ku Madzimoyo amene sanapondeko ku Lusaka anali kucidziwa. Pa 25 May ndi pa 24 October atsogoleri amaikapo nkhata za maluwa, monga momwe banja limacitira pamanda. Zifanizo ziwirizi zikutiphunzitsa kuti cimene cimapulumutsa cifanizo si dziko kumene mmisiri anabadwira, koma ngati anthu apeza nkhani yao m'menemo.

5. Nkhope ndi Mtengo m'Maiko Anzathu

Ku Malawi, mu 2019, boma linaimika cifanizo ca Bingu wa Mutharika, amene anamwalira mu 2012, panyumba ya malamulo ku Lilongwe. Anacipanga ndi Jean Doyle wa ku South Africa. Zithunzi zake zitangofalikira, anthu ambiri anati nkhopeyo si ya Bingu. Munthuyo anali atamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zokha m'mbuyomo, ndipo aliyense anali kumukumbukira mmene anali kuonekera. Apa mboni zinali dziko lonse.

Ku Harare zinthu zinayenda mosiyanako. Kumapeto kwa 2020 anthu ataona cifanizo ca Mbuya Nehanda, amene atsamunda anamupacika mu 1898, anadandaula kuti mmisiri wamusandutsa namwali wa thupi losalala, pamene cithunzi cake codziwika cionetsa mai wacikulire wozunzika. Dandaulolo linamveka. David Mutasa anapanganso cina, cimene cinavundukulidwa pa 25 May 2021. Monga mwala wa agogo uja, cinadikira kufikira dzina la mfunda litabwezedwa.

Ku Blantyre, mu 2018, mkangano sunali wa nkhope. Boma la India linafuna kuimika cifanizo ca Mahatma Gandhi ku Ginnery Corner, mogwirizana ndi lonjezo lomanga nyumba ya misonkhano ya madola 10 miliyoni. Acinyamata anakana, ponena kuti Gandhi ali ku South Africa analemba zonyoza anthu akuda. Khoti lalikulu linaimitsa nchitoyo mu October caka comweco. Nkhaniyi ndi yofunika cifukwa ikugwetsa ganizo lakuti anthu amangodandaula za ndalama zao. Cifanizoci cinali camphatso, koma anacikana ndithu.

Ku Dakar m'dziko la Senegal kuli cifanizo cotalika mamita 49, ca mwamuna, mkazi ndi mwana, cimene cinavundukulidwa mu 2010 mu ulamuliro wa Abdoulaye Wade. Cinamangidwa ndi amisiri a Mansudae a ku North Korea pamtengo wa madola pafupifupi 27 miliyoni. Osauka anadandaula za mtengo, atsogoleri a Cisilamu anadandaula za fano ndi za mkazi wosavala mokwanira, ndipo mkwiyo unakula pamene Wade ananena kuti magawo 35 mwa 100 a ndalama za alendo akhale ake popeza ganizolo linali lake. Munthu amene amadyera pa ciliza kwathu kuno amakhala ndi dzina loipa.

6. Pamene Anthu Amalakwitsa

Tisakhale ngati tikunena kuti khamu sililakwa. Coyamba, kufanana si muyeso wokhawo wa cosema. Pa Yunivesite ya Zambia pali The Graduate, luso la Henry Tayali amene anamwalira mu 1987. Palibe amafunsa kuti cikufanana ndi yani, cifukwa sicinalonjeze nkhope ya munthu mmodzi. Ngakhale m'cikhalidwe cathu, zilombo zikuluzikulu za Gule Wamkulu monga kasiyamaliro, zimene zimaoneka pa Kulamba ku Mkaika, sizitsanzira nyama ya m'thengo ndendende. Anthu amazizindikira ndi tanthauzo, osati ndi muyeso wa miyendo. Kotero Acewa akudziwa kale luso losadalira kufanana. Amangolifuna kufananako pamene mmisiri wachula dzina la munthu.

Caciwiri, mau akuti ndalamazo zikanagula mankhwala ndi oona, koma tikawatsata mpaka kumapeto sitidzamanga kanthu kalikonse kokumbukira. Banja losauka limamanga ciliza njala ili m'nyumba, ndipo palibe amaliseka, cifukwa onse anagwirizana. Angoni amasonkhana ku Mtenguleni caka ndi caka mu February pa Nc'wala, mwambo umene unayambiranso mu 1980, ndipo amaonongapo cuma cambiri mosanyinyirika. Cimene cimawawa si kuononga ndalama, koma kuziononga mobisa.

7. Mau Omaliza

Dera lathu lili ndi anthu oyenera kukumbukiridwa ndi mkuwa. Pali Nsingo mwana wa Mpezeni, amene Angerezi anamuombera mu 1898, caka comwe Nehanda anapacikidwa, ndiponso pali amai ndi abambo a ku Eastern Province amene anamenyera ufulu. Aliyense wofuna kuwamangira cikumbutso, kaya ndi boma, khonsolo kapena wamalonda, aphunzire kwa omanga ciliza. Alengeze mtengo ndi gwero la ndalama nchito isanayambe. Aonetse kacifanizo kadothi poyera, pabwalo la mfumu ndi pamsika, mkuwa usanasungunulidwe, pakuti dothi limakonzeka koma mkuwa sukonzeka. Afunse a banja ndi akuluakulu za cibvalo, zida ndi maina. Ndipo ife a zinenero tili ndi gawo lathu: tiwathandize olengeza kusankha liu loyenera, kuti cikumbutso cisachedwe fano pa wailesi, ndi kuti mau a pamwala alembedwe m'cinenero ca anthu amene adzadutsepo tsiku ndi tsiku. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo cifanizo ca mamita khumi n'colemera kuposa denga.