Fano kapena Chosema: Mawu a Mlendo m'Tchalitchi

Amalawi okhala ku Bertrams akaperekeza alendo kukaona tchalitchi chachikulu cha Christ the King, chimene chidatsegulidwa mu 1960 mumzinda womwewo wa Johannesburg, mazenera a Patrick Pollen sawavuta kutchula: ndi zithunzi za pagalasi. Vuto limabuka pa zosemasema. Buku Lopatulika la 1922 lidagwiritsa liwu loti fano ponena za milungu yonama, ndipo tanthauzolo lidakanirira, kotero kuti wolitchula m'nyumba ya Akatolika waweruza kale, ngakhale adangodzera kukongola. Nalo liwu loti chiboliboli limakumbutsa malonda a m'mbali mwa msewu. Ife tikukonda chosema. N'louma ndithu liwuli, koma silinyoza munthu amene wagwada pafupi ndi mlendoyo.