Mwini filimu safa, nanga anthu amabwereranji?

Ku Makwasa, ku Thunga, ku Bvumbwe ndi pa timisika tina tomwe tinamera m'mbali mwa minda ya tiyi ku Thyolo, nyumba ya vidiyo imadziwika ndi phokoso lake munthu asanaione. Sipika amaimangirira panja pamwamba pa chitseko, ndipo kulira kwa mfuti ndi zibakera kumafika mpaka kwa amayi ogulitsa mandasi kutsidya kwa msewu. Pakhomo pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko: dzina la filimu, nthawi yake, mwina ndi dzina la katswiri wake lolembedwa m'mene mwini nyumbayo amalimvera. Mkati muli mabenchi, mawindo otchinga ndi masaka kapena pulasitiki yakuda, ndi wailesi ya kanema yokwezedwa kufupi ndi denga. Zonsezi aliyense wokhala ndi kampamba angathe kuzisonkhanitsa. Luso la mwini nyumba limaonekera pamzere womaliza wa bolodi lija, pomwe pamalembedwa filimu ya usiku.

Kawirikawiri filimu imeneyi imakhala yakalekale. Commando ya Arnold Schwarzenegger inatuluka mu 1985, Bloodsport ya Jean-Claude Van Damme mu 1988, Kickboxer mu 1989, ndipo Rambo woyamba, First Blood, ndi wa 1982. Ambiri mwa anyamata okhala pa mabenchiwo anabadwa mafilimuwa atakalamba kale. Palibe amene sadziwa mathero ake. Ngakhale mwana amadziwa kuti mwini filimu safa. Komabe munthu amene watha tsiku lonse dengu lili kumsana, akuthyola masamba a tiyi, amatulutsa ndalama yake kuti aonerenso zomwe anazionera mwezi watha. Wosadziwa amati n'kusowa chochita. Ine ndimaona kuti wosonkhanitsa anthu oterewa, ndi kuwabweretsanso mawa lake, ali ndi luso lofunika kulikambirana monga timakambira za woimba kapena wotsogolera gule.

Azungu nawo anatulukira zimenezi, ndipo anazipatsa mbiri. Mu 1970 Ben Barenholtz, yemwe ankayendetsa Elgin Theater ku New York, anayamba kuonetsa El Topo ya Alejandro Jodorowsky pakati pa usiku, filimu yomwe masana sikanapeza anthu. Inatha miyezi ikudzaza holo. Mu 1976 Waverly Theatre, mumzinda womwewo, inachita chimodzimodzi ndi The Rocky Horror Picture Show, yomwe inali italephera pamsika chaka cha m'mbuyo mwake. Anthu anayamba kubwera atavala ngati a mufilimuyo, kuyankha mawu ake mokuwa, kuvina kutsogolo kwa chinsalu. Filimu ya ku Jamaica ya 1972, The Harder They Come, momwe munasewera Jimmy Cliff, inayendanso njira ya pakati pa usiku yomweyi ku America. Mufilimu imeneyi muli kachigawo kena komwe mnyamata wochokera kumudzi walowa m'nyumba ya kanema ku Kingston kukaonera Django ya 1966, holo yonse ikukuwa, ndipo mnzake akukumbutsa anthu kuti ngwazi singafe filimu isanafike kumapeto. Munthu wa ku Thyolo akaonera kachigawo kameneka amangoseka, chifukwa akuona kwawo.

Kuno sitinayambe taonerapo kanema mwakachetechete. Central African Film Unit, yomwe inakhazikitsidwa mu 1948 kuti izipangira mafilimu anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja, inkatumiza mafilimu ake pa magalimoto oyendayenda, ndipo pambali pa chinsalu pankaima munthu wofotokozera m'chiyankhulo cha m'deralo. Ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, komwe agogo athu ambiri anapita kukagwira ntchito, mafilimu a makawuboyi ankaonetsedwa panja m'makomboni atadulidwadulidwa ndi aboma mpaka nkhani yake kusamveka. Hortense Powdermaker, yemwe anafufuza moyo wa ku Luanshya m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti oonera ankangotcha kawuboyi aliyense Jack, n'kumamuchemerera ndi kumuchenjeza mokuwa. Ku Malawi kunabwera lamulo lounika mafilimu ndi zisangalalo la 1968, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inadikira mpaka 1999. Choncho pamene madeki a matepi anafika pa timisika ta kumidzi, anapeza anthu omwe chizolowezi chawo chinali kuonera pagulu, pakamwa pali potsegula.

Luso loyamba la mwini nyumba ndi kusankha. Si filimu yakale iliyonse imene imapirira kubwerezedwa. Ya nkhani yopotapota, yomwe kukoma kwake kuli pa chinsinsi choululika kumapeto, imafa tsiku lomwe yaonetsedwa koyamba. Yolankhula kwambiri imagonetsa anthu. Imene imakhalitsa ndi yomwe nkhani yake imanenedwa ndi thupi, ndipo ili ndi malo odziwika omwe anthu amawadikira. Mu Bloodsport, aliyense amadikira nkhondo yomaliza pomwe Chong Li, yemwe wosewera wake ndi Bolo Yeung, amawaza ufa m'maso mwa Van Damme. Zisanachitike, benchi lakumbuyo limakhala layamba kale kuchenjeza: «Samala, ali ndi kanthu m'manja ameneyo!» Onse akudziwa kuti chenjezolo silifika. Amalinena ndithu, monga ana amayankhira «tilitonse» pa nthano yomwe agogo awo anawasimbira kambirimbiri. Mwini nyumba wodziwa ntchito yake amasunga m'mutu mwake malo oterewa a filimu iliyonse, ndipo ndi amenewo amene amagulitsa.

Pa mafilimu onse a karati, ine ndimaika patsogolo The 36th Chamber of Shaolin ya 1978, ndipo ndimakhulupirira kuti ku minda ya tiyi ndiko imamveka bwino kuposa kwina kulikonse. Gawo lalikulu la filimuyi si ndewu ayi. Ndi ntchito. Gordon Liu, yemwe akusewera ngati mnyamata wothawira kukachisi wa amonke, amapatsidwa ndowa ziwiri za madzi kuti akwere nazo chitunda manja atatambasula, mipeni itamangidwa m'mikono mwake kuti akangotsitsa manja imubaye m'nthiti. Amagwa, amadzuka, amayambiranso, woyang'anira ali chilili osamumvera chisoni. Munthu amene amadziwa kulemera kwa dengu la tiyi wonyowa pokwera nalo kusikelo, kapitawo akuyang'ana, safuna womumasulira chigawo chimenechi. Kusiyana kwake n'kwakuti mufilimu thukuta limalipira: wonyamula madzi uja amasanduka katswiri, n'kubwerera kukalanga omwe anazunza kwawo. Drunken Master ya Jackie Chan, ya chaka chomwecho, imanena zofanana mwanthabwala, ndipo Kickboxer inangobwereka njira yomweyo n'kuisamutsira ku Thailand. Mwini nyumba amene amadumphitsa zigawo zophunzira kuti afike msanga pa ndewu sanamvetse anthu ake. Ndewu yomaliza imakoma chifukwa cha ndowa zija.

Kenako pali kuyala usiku. Ku New York ankayamba pakati pa usiku chifukwa oonera awo anali ophunzira ndi achinyamata omwe sankalawirira kulikonse. Ku esiteti wotchi ndi ina. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka mofulumira, ntchito imachuluka, aganyu amabwera kuchokera kutali, ndalama imayenda, koma aliyense amadzuka kusanache. Filimu ya usiku ikatalika, anthu amatuluka isanathe, ndipo amene watuluka filimu isanathe amapita kwawo ndi mtima wosakhuta. N'chifukwa chake Commando, yomwe imangotenga ola limodzi ndi theka, ndi chida chabwino chapakati pa sabata. Mafilimu aatali achimwenye monga Disco Dancer ya 1982, ndi a ku Nigeria a magawo awiriawiri, malo awo ndi Loweruka kapena tsiku la malipiro. Miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika ndipo aganyu ambiri atabwerera kwawo, otsala ndi eni dera okhaokha, anthu odziwana, ndipo iyi ndi nthawi yotulutsa zakale zenizeni. Filimu yatsopano imaonetsedwa madzulo, anthu akadali kulowa ndi kutuluka, chifukwa ndiyo imakopa wodutsa. Yakale imabwera pambuyo, ana atathamangitsidwa, otsalawo ali okhazikika. Kusinthanitsa ziwirizi n'kuononga zonse.

Za mawu sizifuna kutalikitsa. Sipika ya panja ndi yoitanira anthu, ndipo filimu ya usiku ikayamba iyenera kutsitsidwa, poganizira ogona komanso chifukwa oyenera kubwera abwera kale. Mkati namo phokoso likapitirira, oonera samvana okhaokha, ndiye kuti theka la chisangalalo lapita. Magetsi akazima, wanzeru amakhala atakonzeratu jenereta kapena batire, ndipo akayatsanso amabwerera m'mbuyo pang'ono kuti anthu alowenso m'nkhani. Pena holo yonse imapempha kuti chigawo china chibwerezedwe. Kamodzi n'kololeka. Kachiwiri ndiye kuti mwini nyumba walanditsa chiwongolero.

Pomwe ndimatsutsana ndi anzanga ambiri ndi pa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, omwe masiku ano adzaza m'mafulashi ndi m'mamemori khadi. Womasulira amatsitsa mawu a filimu n'kuikapo ake, kufotokoza nkhani, kupatsa osewera mayina akuno, kuthira nthabwala. Luso limeneli si lachabe, ndipo si lathu tokha. Ku Japan, nthawi ya mafilimu opanda mawu, ofotokozera otchedwa benshi ankatchuka kuposa osewera. Ku Tanzania kunali Lufufu, yemwe anamasulira mafilimu ambiri m'Chiswahili. Ku Uganda, Nabwana I.G.G. wa ku Wakaliga anatulutsa Who Killed Captain Alex? mu 2010, ndipo dziko lonse linaidziwa ili ndi mawu a VJ Emmie pamwamba pake, moti wofotokozera wa m'nyumba ya vidiyo anafika mpaka m'maholo a ku Ulaya ndi ku America. Pa filimu yatsopano, kapena ya ku Korea ya zigawo zambirimbiri, womasulira ndi mlatho weniweni, ndipo amayi ndi achikulire omwe kale Chingerezi chinkawatsekereza tsopano amatsatira nkhani.

Koma pa filimu yakale ya usiku womasulira amalanda ntchito ya oonera. Nthabwala yomwe ikanachokera pa benchi lakumbuyo, yatsopano usiku uliwonse, yokhudza kapitawo wa dzulo kapena mnyamata yemwe wakanidwa ndi chibwenzi, imalowedwa m'malo ndi nthabwala yojambulidwa kale mumzinda, yomwe mawa idzakhala yomweyo. Ndipo omasulira ambiri amaopa kukhala chete. Pamene Rambo akudzisoka yekha bala la pamkono m'nkhalango, palibe chofunika kunena. Anthu amafuna kuluma mano limodzi naye, wina n'kutulutsa «eee!» wake. Womasulira akamabwebweta pamenepo, holo imakhala duu, kumvetsera iye. Mwini nyumba wozindikira amasunga mitundu iwiri: yomasuliridwa ya madzulo, ndi yosamasuliridwa ya usiku.

Mbiri yoipa ya nthawi ya usiku nayo siyobisika. Eni nyumba ena anazolowera kuti ikakwana nthawi imeneyo amatsitsa sipika, kukhoma chitseko n'kuika zolaula, osasamala kuti pabenchi pali ana. Mafumu, aphunzitsi ndi makolo akhala akudandaula za izi, komanso za ana othawa kusukulu kukakhala ku vidiyo masana, ndipo akunena zoona. Kupatula kuti n'kuphwanya lamulo, ndi ulesi. Zolaula sizifuna kusankha, sizifuna kudziwa anthu ako, ndipo m'chipinda chomwe zikuonetsedwa aliyense amakhala payekha, osafuna kuyang'anana ndi mnzake. Nyumba ikatchuka nazo, bambo wolemekezeka salowamonso, mayi sayandikirako, ndipo mwini wake amatsala ndi kagulu kochepa komwe lamya ya m'manja inamulanda kale.

Pali funso limodzi lomwe limandivuta nthawi zonse ndikayang'ana mabolodi amenewa: mafilimu athu ali kuti? Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat za Shemu Joyah zinalandira ulemu kunja, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 inajambulidwa ku Kasungu ndipo mbali yake yaikulu ili m'Chichewa, koma kuwapeza pamzere womaliza n'kovuta. Osita Iheme ndi Chinedu Ikedieze a ku Nigeria, ndi John Okafor yemwe tonse timamudziwa kuti Mr Ibu, analowa pamzerewo mosavuta. Chifukwa china n'chakuti mafilimu athu ambiri amabwera kudzatiphunzitsa, ndipo phunziro munthu amalimva kamodzi. Opanga mafilimu akuno akanati azikhala usiku umodzi kumbuyo kwa holo ya ku Makwasa, osayang'ana kanema koma anthu, akanaona malo omwe mabenchi amagwedezeka ndi malo omwe anthu amatuluka kukagula chimanga chootcha.

Masiku ano Loweruka ndi Lamulungu ndi a mpira wa ku England, usiku wa Lachiwiri ndi Lachitatu nthawi zambiri ndi wa Champions League, ndipo ndalama yeniyeni ya nyumba zambiri ikuchokera kumeneko. Filimu yatsopano mnyamata amakaikopetsa pamsika n'kukaionera pa lamya ali chigonere. Zatsalira filimu yakale ndi usiku wa Lolemba ndi Lachinayi, ndi miyezi ya Juni ndi Julayi pomwe ligi yapuma. Masiku amenewo ndi ochepa, koma ndi okwanira mwini nyumba amene amadziwa kuti Bloodsport siitsatana ndi Kickboxer sabata imodzi, ndi kuti Commando ikaonetsedwa lero iyenera kubisidwa mpaka anthu atayamba kuifunsa okha.